Yatsopano Akana, Yakale Akana

Torino, pa 14 Malichi 2004

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Landirani moni wanga nonse awiri. Ine kuno ndili bwino, ndipo agogo a ku Italy omwe ndimawasamala aja akadali ndi mphamvu zondikalipira, ndiye kuti nawonso ali bwino. Kalatayi ndaiika m'katoni yomwe akubweretsa a Nelu pa minibasi yawo. Muli khofi, sopo ndi nsapato za Amayi. Nsapatozo n'zovala, Amayi, si zobisa m'kabati kudikira tsiku lalikulu lomwe silifika.

Tsopano nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Toader wandilembera kuti mwezi wathawu, popita kuchipatala kukapimitsa mtima wa Amayi, galimoto inakukanikani panjira, moti Amayi anayenda wapansi m'chipale chofewa mpaka anakwezedwa ndi lole ya zipika. Pa foni ya kugolosale ija munangoti zonse zili bwino. Ndikudziwa kuti pamenepo munthu sayankhula zakukhosi, poti a Dochia amatchera khutu uku akunamizira kuyeza shuga, koma nkhani yotere ndiyoti ndichite kuimvera kwa mlongo wanga?

Bambo, galimoto yanuyo ndi ine tinabadwa chaka chimodzi, ndipo ine msana wayamba kale kundivuta. Basi inasiya kukwera kwathuko, pamene Amayi ayenera kuonana ndi dokotala mwezi ndi mwezi. Ndasungako kangachepe, ndipo ndikufuna kukugulirani galimoto yatsopano, yoti mukangopotoza kiyi iyake popanda kuipempherera.

Ndinene poyera, musandikwiyire. Chisanu chikubwerachi chisakupezeni kumtundako ndi chiphapha chija. Pakhale galimoto yodalirika, apo ayi mutsikire ku tauni ya Suceava mukakhale kwa Toader. Ndikudziwa kuti zotsikazo simuzifuna, inenso sindizifuna, koma sindikufunanso kudzamva kuti mayi anga apezeka ali gone m'mbali mwa msewu.

Mundiyankhe pa ulendo wa a Nelu womwewu.

Ndine mwana wanu,
Ruxandra

Frasinu, pa 2 Epulo 2004

Ruxandra mwana wanga,

Tadzuka bwino. Khofi tinalandira, ndipo nsapato zili m'kabati. Usadabwe kuti zilembozi n'za mayi ako. Dzanja langa latupa ndi kudulira mapulamu, ndiye ine ndikunena, iwo akulemba.

Toader ndi mwana wabwino, koma pakamwa pake pamathamanga kuposa miyendo. Galimoto yanga sinafe, inangopumula. Pano ikulira bwinobwino, ngakhale iweyo utaima kugolosale ungaimve.

Za yatsopanozo, tamvera ndikuuze, poti ine ndagwira chiwongolero iwe usanamere mano. Galimoto yatsopano ikangotulutsa mphuno pageti la wogulitsa, mtengo wake wagwa kale. M'mimba mwake akuti muli kompyuta, ndipo ikadwala imafuna mnyamata wovala tayi woti ailumikize ku chingwe. Mnyamata ameneyo adzakwera phiri lino pa Januwale? Yangayi ndimaichiza ndi waya, sipanala, ndi mawu awiri omwe mayi ako akukana kulemba. Komanso zamakonozi n'zotsika pansi ngati bakha. Msewu wathu uno ukhoza kuing'amba mimba isanafike n'komwe pa mtanda wa pakona uja.

Zokakhala kwa Toader, iwala. Nyumba yake ili pansanjika yachinayi, ndipo pazenera ukuona zenera la munthu wina amene akuyang'ananso lako. Nkhumba ndikaiika pati, m'bafa? Nyumba ino ndinaimanga ndi mayi ako tili ndi mitengo yobwereka, ndipo mlongo wako wamng'ono uja anagona kuseri kwa tchalitchi chino. Ine kuno ndidzachoka atandinyamula anthu anayi.

Ndalama zako sunga. Suli ku Italy kuti uzidyetsa ogulitsa magalimoto.

Bambo ako,
Pamfil

Ndawonjezera ndine mayi ako. Ndakutumizira tchizi ndi uchi. Uzivala zotentha, kumeneko akuti nyumba zake n'zamiyala.

Suceava, pa 9 Meyi 2004

Achemwali,

Moni wochokera kwa ine, alamu anu ndi ana. Anawo akuti chokoleti chija chinali chabwino koma chinatha msanga, ndiye mudziwa nokha chochita.

Ine ndinakuuzani kale kuti yatsopano n'kutaya ndalama. Pa mtengo wa kagalimoto katsopano kooneka ngati bokosi la machesi, ine ndikhoza kukupezerani yaikulu yoyendapo kale ya ku Germany, n'kutsalanso yogulira matayala. Imeneyi ndi ntchito yanga, ndikhulupirireni. Ndipo ndinaipezadi, yadizilo, yokwera m'mwamba, mipando yake ngati sanakhalepo munthu. Mwini wake anali mkazi wamasiye wa dokotala wina, ankangopita nayo kutchalitchi.

Lamlungu ndinakwera nayo kumudzi kuti madala akaione. Achemwali, munthu uja ndi mwala. Anaizungulira akuisisita ndi manja ngati akugula ng'ombe, kenako akuti, "Toader, amasiye a madokotala a ku Germany amenewa alipo angati? Aliyense m'boma lino akuyendera galimoto yawo." Ndinawatsegulira boneti, anatchera khutu n'kunena kuti lamba wa injini watopa. Pamenepo sananame, ndikuvomera. Ndinawauza kuti aone okha makilomita, iwo akuti, "Werenga iweyo mokweza, ndimve mmene bodzalo likumvekera."

Chomwe chinandipweteka n'choti anakana kukhala pachiwongolero. Ndinawapempha kuti angofika nayo pa mlatho n'kubwerera, iwo akuti saika thako pampando wa munthu yemwe sanamwe naye kachasu. Pofuna kutsegula chitseko cha kumbuyo anachita kufufuza chogwirira, n'kuyamba kutukwana anthu a ku Germany kuti amabisa zinthu. Amayi maso anali pa epuloni yawo.

Ine ndatopa nawo. Yatsopano akana, yakale akana. Chipinda cha ana chilipo, tikhoza kuwakonzera, ngakhale alamu anu akufunsa kuti nkhani ya nkhumba ija inali nthabwala kapena ayi. Dizilo wa ulendo umenewu ndinagula ndekha, ndangoti mudziwe.

Mlongo wanu,
Toader

Torino, pa 30 Meyi 2004

Bambo,

Moni. Ndikhulupirira dzanja lanu linaphwa, poti kalata inoyi ndikufuna muyankhe nokha.

Toader wandifotokozera zonse. Yatsopano mwaikana chifukwa ndi yatsopano, yakale mwaikana chifukwa ndi yakale. Ndakhala ndikuganiza kuti vuto lili pati, ndipo ndapeza chinthu chimodzi chokha. Vuto si galimoto, vuto ndi ndalama zanga. Mukuchita manyazi kuti anthu kutchalitchi azidzati Pamfil akuyendera galimoto yogulidwa ndi mwana wamkazi amene amasambitsa nkhalamba za eni ake kunja.

Ngati ndi choncho, mwandilasa mtima, Bambo. Inde, ndimasambitsa agogo aja, ndimawasintha zofunda akadziipitsira, ndimawadyetsa ndi supuni. Sindiba, sindipempha. Nthawi iliyonse ndikawanyamula ndimadziuza kuti msana ukupwetekawu ndi galimoto ya Bambo, kuti makolo anga akalambire m'nyumba mwawo. Munandiphunzitsa ndinu kuti ntchito siinunkha. Kapena munkanena za ntchito za amuna zokha?

Ndimakukondani, n'chifukwa chake ndakwiya. Ndikudikira yankho lanu.

Ruxandra

Frasinu, pa 12 Juni 2004

Ruxandra mwana wanga,

Moni wa mayi ako. Kalata ino bambo ako sakuidziwa. Sindiika m'katoni, poti katoni amamanga okha, ndimupatsira Nelu pamanja.

Kalata yako ndinawawerengera. Anangotuluka n'kukakhala m'shedi mpaka chakudya chinazizira. Wawalakwira, mwanawe, koma wosadziwa. Chithunzi chako amayenda nacho m'thumba la jekete, ndipo aliyense wokumana naye amamuuza kuti mwana wawo amayankhula Chitaliyana kuposa ansembe.

Bambo ako sakuona. Zinayamba chaka chathachi chisanafike. Akuti pakati pa chilichonse chomwe ayang'ana pamakhala ngati wina wapakapo mafuta ndi chala, amangoona za m'mbali. Dokotala wa maso anati magalasi sathandiza, opaleshoni sithandizanso. Dzanja lotupa lija linali bodza.

Ufunsa kuti nanga timayenda bwanji. Ine ndimakhala pambali pawo n'kumanena: ngolo kutsogolo, ng'ombe kumanzere, mwana pa njinga, chepetsani tafika pa mtanda. Iwo msewu amaudziwa ndi thupi, ndipo m'galimoto yawoyo dzanja limapeza lokha chilichonse. Tikafika pa makina ochekera matabwa timaisiya pomwepo n'kukwera basi ya m'tauni. Tsiku la chipale lija galimoto sinalakwe. Ndinawerama kutola golovesi yanga, ndipo podzuka tinali m'ngalande. Tinagwirizana kuti tinamizire galimotoyo, poti iyo singadziyankhire.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi mantha. Pakanakhala mwana wa munthu m'malo mwa ngalande? Tikamatsika mtima wanga umagunda kwambiri moti dokotala akumandiwonjezera mankhwala osadziwa kuti matendawo ndawatengera panjira. Galimoto ina iliyonse, yatsopano kaya yakale, iwaulula tsiku loyamba lomwe. Ndipo laisensi yawo ikutha mu Novembala, yina sangawapatse osawayeza maso. Akuopa kuti mukadziwa muwatsitsira kwa Toader, ndipo kumeneko, kopanda mpanda woti aziugwira poyenda, adzakhala wakhungu weniweni.

Tsopano ndinene zomwe zili kumtima kwanga, usandiseke. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana mapazi a bambo ako. Ndikudziwa pomwe amaponda kilatchi, ndimamva injini ikafuna giya. Ndili ndi zaka 61, koma maso anga amalowetsa ulusi pasingano, ndipo dokotala akuti mtimawu ukamamwa mankhwala ulibe vuto. Ku Suceava kuli sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Ukanandilipirira imeneyo, mwina tikanakhalabe pano.

Ngati ukuona kuti n'zamisala, kuti mayi wa mpango kumutu pachiwongolero ndi wochititsa ana ake manyazi, usavutike kuyankha. Ukakhala chete pa nkhaniyi ndimva, ndipo sitidzaitchulanso.

Mayi ako,
Saveta

Torino, pa 22 Ogasiti 2004

Bambo ndi Amayi,

Moni. Pepani kuti sindinabwere pa chikondwerero cha tchalitchi monga ndinalonjezera. Agogo aja anagwa n'kuthyoka chiuno, ndipo ana awo onse ali kunyanja kukawothera dzuwa.

Tchizi chinafika mu Juni, koma yankho la Bambo mpaka lero kulibe. Pa foni Amayi mumangondifunsa ngati zonse zinafika, ndikati zinafika mumangoti chabwino. Ndiye kuti mwasankha kusandiyankha. Ine sindikakamizanso munthu galimoto. Ndamuuza Toader kuti akonze chipinda, ndipo adzabwera ndi lole kumapeto kwa Okutobala. Yambani kulongedza pang'onopang'ono kuti Amayi asatope. Ziweto muone chochita nazo.

Sindikuchita izi mwa nkhanza. Ndikungofuna mukhale pafupi ndi chipatala.

Ruxandra

Frasinu, pa 8 Sepitembala 2004

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako tinalandira, ndipo ndamva. Unachita bwino kusandiyankha za zija, nanenso nditaganiza ndinaona kuti ndinalota masana. Usadandaule nazo.

Tayamba kulongedza. Mbale za ukwati ndakulunga m'nyuzipepala, makapeti ndapinda. Nkhumba tapereka kwa a Nechifor oyandikana nafe. Bambo ako sakutsutsanso chilichonse, ndipo zimenezo n'zomwe zikundiopsa. Dzulo ndinawapeza akuyenda m'munda wa mapulamu akugwira mtengo uliwonse, wina n'kuuuza kuti chaka chamawa ubereke bwino ngakhale palibe woudulira. Ndinabwerera m'khitchini kuti asamve kuti ndikulira.

Nelu akuti wagulitsa minibasi yakale ija, akubwera ndi ina, ndiye katoni ino ndi yaing'ono. Muli mtedza ndi jamu.

Mayi ako,
Saveta

Torino, pa 19 Sepitembala 2004

Amayi anga,

Moni ndipereka pamapeto. Lero a Nelu andipatsa makalata anu awiri nthawi imodzi. Ya mu Juni ija anaisomeka kuseri kwa kotchingira dzuwa ka dalaivala n'kuiiwala, aipeza pochotsa katundu wawo m'minibasi yomwe agulitsayo. Anandipepesa atavula chipewa. Ndinawerengera pa siteshoni pomwepo, nditakhala pa katoni ya munthu wina, ndipo ndinalira moti mayi wina wa kwathu, wa ku Bacău, anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Amayi, sindinakhale chete. Sindinadziwe. Miyezi yonseyi inu mumaganiza kuti mwana wanu akuchita nanu manyazi, ine ndikuganiza kuti Bambo akuchita nane manyazi. Manyazi ndi inu? Mayi amene wakhala akuyendetsa galimoto ndi pakamwa pamsewu wa ku Frasinu angalephere kuiyendetsa ndi manja?

Kalatayi ichedwa, ndiye ndaimba kale kugolosale. Ndauza a Dochia kuti akakuuzeni mawu amodzi okha, akuti inde. Anandifunsa kuti inde wa chiyani, ine ndinati Amayi akudziwa. Ndalama ya sukulu ndatumiza kwa Toader, ndipo ndamuuza zonse. Pa foni pomwepo anati, "Ine n'kumawaonetsa makilomita."

Koma chinthu chimodzi ndikupempheni. Bambo asagwirenso chiwongolero pamsewu, ngakhale kamodzi. Mpaka mutakhoza mayeso, Toader azikutengani kuchipatala. Ndipo muwawerengere Bambo mzere uwu: ndinawaganizira zoipa, andikhululukire.

Moni kwa nonse. Masulani mbale zija.

Ruxandra

Frasinu, pa 24 Okutobala 2004

Ruxandra,

Tili bwino. Akulemba ndi mayi ako, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa, ndiye za dzanja tizisiye.

Inde wako uja anagwedeza mudzi. A Dochia anatseka golosale masanasana n'kukwera phiri okha, epuloni ili m'chiuno, ndipo atapereka uthengawo anakhala pabenchi kudikira kuti amve funso lake. Mayi ako anachita kuwapatsa jamu kuti azipita. A Dochia atapita ndi pamene mayi ako anandiuza zonse, ataima kutali pang'ono ngati ndiluma.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinagona masiku angapo nditayang'ana kukhoma. Koma m'mawa wina ndinamva mayi ako akuwerenga mokweza kabuku ka malamulo a pamsewu uku akudyetsa nkhuku, ndipo anasokoneza za woyenera kuyamba kudutsa pamphambano. Sindinathe kupirira. Ndinatuluka n'kuwaponyera makiyi, ndinaphonya, anagwera m'madzi a nkhuku.

Taphunzirira m'dambo la udzu kuseri kwa nyumba, pa galimoto yanga. Tsiku loyamba anagwetsa mulu wa udzu wa a Nechifor. Ndinati, "Mayi, buleki ndi ya pakati." Iwo akuti, "Ndikudziwa, koma mulu uja unali wopendekeka kale." Pano akusintha giya mofewa moti ndikumachita nsanje. Kusukulu amapita ndi Toader, ndipo mphunzitsi wawo akuti sanaonepo wophunzira wonena mokweza chilichonse chomwe akuona pamsewu.

Tsopano za galimoto, poti mkangano unayambira pamenepo. Yangayi chiwongolero chake n'cholimba, chimafuna mapewa a munthu wonyamula zipika, ndiye ndavomera kuti ipume. Lamlungu lapitali tinapita kumsika wa magalimoto. Toader ankandikokera ku zonyezimira, koma ine ndinatenga maginito a wailesi yakale n'kumawayendetsa m'mbali mwa iliyonse. Pomwe maginito akana kugwira, dziwa kuti pamenepo anamata phala n'kupentapo. Zonyezimira zonse zinali zomata. Ndinalowetsanso dzanja pansi pa makapeti kufufuza chinyontho, ndinanunkhiza oyilo, ndinamvetsera iliyonse ikuyaka injini ili yozizira. Maso sanafunike kwenikweni, pogula galimoto yakale maso ndi omwe amapusitsa munthu.

Tatenga kakang'ono kapetulo, ka bambo wina woweta njuchi. Anandiuza yekha kuti kayenda mtunda wautali ndipo chitseko cha kumbuyo anachiphwanyitsa pa chitsa. Munthu woyamba kunena zoipa za katundu wake ndiye woti ugule kwa iye. M'kati mumanunkhira phula. Mayi ako atakhalamo anati mapazi akufika bwino, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Yatsopano ndakana ndithu, koma tsopano chifukwa chake n'choona. Munthu wophunzira akamaopa kukanda penti amaiwala kuyang'ana msewu. Akaka n'kokandika kale, mayi ako akakakhulitsa pageti palibe adzalire. Zatsopano tagula zomwe zimasunga moyo: matayala anayi a m'chisanu, mabuleki ndi batire. Ndalama yotsalayo ili kwa Toader, ndi yako, ndipo ndamuuza kuti akaikhudza ndimumva ngakhale sindimuona.

Nkhumba ndakaitenganso. A Nechifor akuti yadya zambiri, ine ndati tifanizire ndi udzu uja tione wotsala ndi ngongole.

Wapempha kuti ndikukhululukire. Palibe choti ndikhululuke, mwana wanga. Ndalama yako ndi yoyera kuposa iliyonse yomwe ndinagwirapo. Ndinkangoopa kuti mukadziwa mudzasiya kundifunsa nzeru n'kuyamba kundigwira dzanja. Lole ya Toader tayiimitsa kaye, koma mayi ako akapanda kukhoza mayeso, titsika, ndalonjeza. Makatoni ena sitinamasule.

Bambo ako,
Pamfil

Frasinu, pa 19 Disembala 2004

Ruxandra mwana wanga wokondedwa,

Moni wa mayi ako ndi bambo ako. Tili bwino, chipale chafika m'mawondo, ndipo nsapato zako zija ndayamba kuvala, poti zimagwira bwino pa kilatchi.

Pa foni ndinangokuuza kuti zatheka, poti a Dochia anali atatsamira pa kauntala. Tsopano imva zonse. Ulendo woyamba mayeso ndinalephera. Malamulo ndinakhoza, koma wapolisi woyesa uja anandiuza kuti ndiimike galimoto chambuyo pakati pa magalimoto awiri, ndipo ndinakwera pamwamba pa msewu wa oyenda pansi. Kwathu kuno munthu amaimika pomwe wafuna, ndani anaimikapo pakati pa zinthu? Ndinabwera ndikulira, ndinati basi, tiyeni titsike. Bambo ako anati ayi. Anagubuduza migolo iwiri ya kabichi n'kuiika pabwalo, iwo n'kuima kumbuyo kwa umodzi. Akuti, "Ukagunda mgolo, wagunda ine, ndiye uona wekha ngati ukufuna umasiye." Tinachita zimenezo tsiku ndi tsiku mpaka mdima, iwo akuzizidwa, osadandaula.

Ulendo wachiwiri anali wapolisi wina, wamng'ono kuposa Toader. Nditaimika bwinobwino anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Koma amayi, pa msinkhu wanuwu mwavutikiranji?" Ndinamuuza kuti ndikufuna kumagona m'nyumba mwanga. Sanafunsenso china.

Ansembe anabwera kudzadalitsa galimoto. Anawaza madzi pamatayala, pamipando ndi pa injini, bambo ako ali pambuyo pawo kuwauza kuti asanyowetse batire. Theka la mudzi linabwera kudzaonerera, ndipo omwe ankaseka kwambiri aja ndi omwe ayamba kale kufunsa tsiku lomwe ndikutsikira ku tauni.

Lachinayi tinapita kuchipatala tokha awiri, ulendo woyamba wopanda Toader. Popita bambo ako sanatseke pakamwa. Giya yachiwiri, mayi. Usaponde buleki pa ayezi, mayi. Wamva kaphokoso ako? Ndinangoti eya, eya. Ndinalowa nayo mpaka m'kati mwa tauni, mpaka pageti la chipatala. Dokotala akuti mtima uli bwino kuposa chaka chonsechi.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Titadutsa pa mlatho ndinazindikira kuti m'galimoto mwati zii. Nditacheuka pang'ono ndinaona bambo ako atatsamira pazenera, chipewa chili pamphuno, akuliza mkonono. Mwanawe, chikwatiwire sindinawaonepo munthu ameneyu akugona m'galimoto, ngakhale m'basi, poti amati dalaivala aliyense ndi wofuna kumupha. Ndinakwera phiri lonse pang'onopang'ono, misozi ikundisokoneza, ndikudziuza kuti Saveta, yang'ana msewu.

Nditaima pabwalo sindinazimitse injini, kuti kutentha kusathe angadzuke. Ndinangokhala n'kumayang'ana nyumba yathu. Patapita nthawi anadzidzimuka n'kufunsa kuti, "Tili pati?" Ndinati, "Tili pakhomo, bambo." Iwo akuti, "Ndiye zimitsa, petulo sitikumba m'dimba." Ndinazimitsa, koma sanatsike. Anafufuza dzanja langa pa giya, analipeza, n'kuligwira mpaka m'galimoto munazizira.

Dzulo tamasula makatoni onse otsala. Umuuze Toader kuti chipinda chija abwezere ana, ndipo iwe ukamabwera pa Pasaka undiuze tsiku, ndidzakuchingamira ndekha ku Suceava.

Mayi ako,
Saveta